Biocompatibility: kuyanjana ndi thupi

Munthu akati mankhwala ena samuyanja, wafika kale pafupi ndi tanthauzo la mawu akuti biocompatibility. Madokotala amatchula mawuwa ponena za chinthu chimene chingakhale m'thupi n'kugwira ntchito yake osapha maselo, osatupitsa mnofu, osaundanitsa magazi. Chitsulo chimene amalumikizira fupa la wakabaza wa ku Bangwe pachipatala cha Queens, kapena timitengo tolerera ta Jadelle timene mayi wa ku Ndirande amakhala nato pamkono zaka 5, zonsezo zinayesedwa kaye ngati thupi lingazilandire.

Kuyanjanaku sikukhala kwa ponseponse. Chinthu chikhoza kugwirizana ndi fupa koma n'kudana ndi magazi.

Masiku ano mawuwa akumveka kwambiri pa nanodiamond, tizidutswa ta dayamondi tina ta mananomita 5 okha. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita. Tizidutswati tinapangidwa koyamba ku Soviet Union mu 1963 pophulitsa zida zophulika. Mu 2011, gulu la Dean Ho ku Northwestern University linasonyeza pa mbewa kuti mankhwala a khansa a doxorubicin akamatiridwa pa tizidutswati amakhalitsa m'chotupa, ndipo sawononga thupi kwambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti dayamondi sasungunuka. Tizidutswa tina timakakhazikika m'chiwindi ndi m'kapamba, ndipo tikapanda kutsukidwa bwino ndi asidi, mwaye ndi zitsulo zotsalira pa kuphulika kuja zikhoza kuvulaza maselo. Mbewa ikapirira kwa milungu ingapo, sizitanthauza kuti munthu apirira zaka 30.