Pamene Chingerezi Chinagona Masabata 29

Anzanga amene tinakhalira limodzi pansi pa mitengo ndi m'makalasi a kuno kwa Khombedza, m'kope lino ndafuna kuti tilembe mbiri ya chaka cha 2020 isanafufutike m'mitu mwathu. Ndikamba za phunziro limodzi lokha, la Chingerezi, pakuti ndi limene linavulala koposa pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndiponso ndi limene linapatsa aphunzitsi ntchito yaikulu pa tsiku lotsegulira.

Kuti timvetse chifukwa chake, tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'chaka cha 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha fuko, ndipo Chingerezi chinapitirira kukhala chinenero cha ntchito za boma. Kuchokera pamenepo mwana ankaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chingerezi chili phunziro chabe, ndipo akafika Sitandade 5 maphunziro ena onse ankatembenukira m'Chingerezi. Akuluakulu athu akukumbukira mabuku a Timve ndi Tsala. Tonse tikukumbukira chilango cholankhulira Chichewa pabwalo la sukulu. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, mabuku anachepa, koma mulingo sunasinthe: mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndipo wolephera Chingerezi pa mayeso a Folomu 4 salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwanji masamu.

Tsono taganizani za mwana wa kwathu kuno. Kumsika, kudoko, kuchigayo ndi kumunda wa thonje amamva Chichewa kapena Chiyao. Masamu amakumana nawo tsiku ndi tsiku powerenga milu ya usipa ndi kubweza chenji. Zaulimi amaziona ndi maso. Koma Chingerezi amachipeza pamalo amodzi okha, m'kalasi, pakamwa pa mphunzitsi. Mukatseka chitseko cha kalasi, mwatseka chitsime chokhacho chimene amatungapo.

Chitsekocho chinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, patangotha masiku atatu Pulezidenti Peter Mutharika atalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chodabwitsa n'chakuti pa tsikulo m'Malawi munalibe ndi mmodzi yemwe wopezeka ndi matendawa. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Unduna wa Zamaphunziro unakonza maphunziro a pawayilesi ya MBC ndi ena a pa intaneti. Maganizowo anali abwino, koma pakhomo popanda magetsi, pamene wayilesi ili imodzi ndipo mabatire ake ndi omvera maliro ndi mpira, phunziro la Chingerezi silinali loyamba pamzere. Nthawiyo inagwanso m'nyengo yokolola. Anyamata ambiri anatsikira kunyanja, ena analowa m'mathonje ndi m'mipunga. Za atsikana ndiye zinali zomvetsa chisoni: kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi yotsekerayo atsikana oposa 40,000 anatenga pakati m'dziko muno, ndipo maukwati a ana anafika pafupifupi 13,000.

Boma latsopano la a Lazarus Chakwera, nduna ya zamaphunziro ili mayi Agnes NyaLonje, linatsegula sukulu m'magawo awiri. A Sitandade 8 ndi Folomu 4 anabwerera pa 7 Seputembala, patatha masabata 24. Otsala onse anabwerera pa 12 Okutobala, patatha masabata 29. Malamulo anali akuti aliyense avale chophimba kukamwa ndi mphuno, asambe m'manja, ndipo kalasi lisapitirire ana 40, zimene zinachititsa sukulu zambiri kugawa ana m'magulu obwera mosinthana.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Mphunzitsi wa Chingerezi, usiku wa Lamulungu lomaliza, anali ndi njira ziwiri patsogolo pake. Yoyamba inali kutsegula buku la ndondomeko pa tsamba limene anasiyira mu Malichi n'kuyamba kuthamanga. A Sitandade 8 analibe kuchitira mwina, pakuti mayeso awo anayamba pa 30 Seputembala, masabata atatu okha chitsegulire. Koma kwa makalasi ena njirayo inali msampha. Mwana wa Sitandade 5 anali asanamalize n'komwe matemu awiri akuphunzira zonse m'Chingerezi pamene sukulu zinatsekedwa. Kumuuza kuti apitirize pamene anasiyira kunali ngati kuuza munthu kuti apalase bwato limene lakhala padzuwa miyezi isanu ndi iwiri osayamba wayang'ana ming'alu.

Njira yachiwiri ndi imene aphunzitsi angapo a m'bungwe lathu lino, amene ndinacheza nawo, ananditchulira kuti inawathandiza. Tsiku loyamba sanalembe zambiri pabolodi. Anayamba ndi moni, mayina a masiku, ndi malamulo aafupi monga kuimirira, kukhala pansi, kutsegula zenera, kuti khutu lizolowerenso. Kenaka anafunsa mwana aliyense kuti anene chinthu chimodzi chimene anachita pa nthawi ya mliri. Wokanika ankaloledwa kunena m'Chichewa, ndipo anzake ankathandizana kuchimasulira. Mawu monga bwato, ukonde, nyali, thonje, sikelo ndi ngolo analembedwa pabolodi pamodzi ndi a Chingerezi ake. Mwanjira imeneyi ana anabwereza aneni a nthawi yakale popanda kuopsezedwa ndi dzina la galamala, ndipo miyezi imene inkaoneka yotayika inasanduka nkhani yophunzirira. Mphunzitsi nayenso anamva zimene kaundula sakananena: amene anaferedwa, amene akubwera ndi njala, ndi kumene kunapita eni malo opanda anthu aja.

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu linali lowerenga. Mwana aliyense payekha ankapatsidwa ndime yochokera m'buku la kalasi la m'mbuyo. Pamenepa lamulo la ana 40 linaulula chinthu chimene khamu linkabisa. M'kalasi la ana 100 obwereza mawu pamodzi mokweza, wosadziwa kuwerenga amangotsegula pakamwa nadutsa. Pagulu laling'ono alibe pobisala. Aphunzitsi anapeza kuti ena sanaiwale kuwerenga m'miyezi ya mliri ayi. Anali asanadziwe chiyambire. Mliri unangovundukula chilonda chakale. Atadziwa zimenezi anatha kugawa ana m'magulu, ena kubwerera ku maliwu a malembo, ena ku ziganizo, ena ku chimangirizo.

Panalinso vuto lina losayembekezeka. Mwana amaphunzira katchulidwe poyang'ana milomo ndi lilime la mphunzitsi, makamaka pa maliwu amene Chichewa sichiwasiyanitsa, monga l ndi r. Nsalu ya kukamwa inabisa zonsezo. Ena anatulutsira kalasi panja, pansi pa mtengo, naima patali kuti ana aone pakamwa. Mtengo umene tinkauyesa chizindikiro cha umphawi wa sukulu zathu unasanduka kalasi labwino koposa.

Ntchitoyo isanazike mizu, mliri unabweranso mwamphamvu mu Januwale 2021. Sukulu zinatsekedwanso kwa masabata angapo, ndipo potsegula mu Febuluwale aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna ndalama za chiopsezo. A Folomu 4 nawonso anali atalemba mayeso kachiwiri mu Januwale yemweyo, oyamba aja atathetsedwa mu Novembala 2020 chifukwa cha kubedwa kwa mapepala. Mbadwo umenewo unasenza katundu wolemera, ndipo wambiri mwa iwo amene anafika kumapeto ayenera ulemu wathu.

Kutsekedwa kwa sukulu sikunathere pa Covid-19. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe Freddy anatseketsa sukulu za kum'mwera. Ife a m'mphepete mwa nyanja, amene timadziwa kusefukira kwa mitsinje, tisadzinamize kuti sizidzachitikanso.

Choncho pempho langa ku msonkhano wathu ukubwerawu ndi ili. Pa zopereka zathu timakonda kugula malata ndi simenti, ndipo n'zofunikadi. Koma tiikeko gawo la timabuku ta nthano tosavuta, toti mwana azibwereka n'kupita nato kunyumba. Aliyense wa ife amene ali ndi mabuku a ana ake ogona m'katoni ku Lilongwe kapena ku Blantyre awabweretse kwa mlembi wa bungwe. Mutu umodzi susenza denga. Tsiku lina chitseko cha kalasi chikadzatsekedwanso, Chingerezi chisadzatsale m'kati chokha.