Sukulu za mmerampoyamba ndi ntchito ya makhonsolo

Sukulu ya mmerampoyamba, imene ena amaitchula kuti mkombaphala, ndi malo amene anthu a m'mudzi amakhazikitsa kuti ana a zaka 3 mpaka 5 azisewera, kudya phala ndi kukonzekera Sitandade 1. Eni ake ndi anthu a m'mudzimo. Komiti ya makolo ndiyo imapeza malo, kuumba njerwa, kusonkha chimanga ndi soya, ndiponso kusankha alezi.

Chiyambire mu 1998, pamene Malawi anakhazikitsa lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu kwa anthu, ntchito zambiri zotere zimadzera ku khonsolo. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma ndiyo imalemba sukuluzi m'kaundula, kuziyendera ndi kukonza maphunziro a alezi. Ndondomeko ya dziko yokhudza kakulidwe ka ana aang'ono inatuluka mu 2003, ndipo lamulo la 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana linapatsa makhonsolo udindo woteteza ana a m'dera lawo. Alangizi a zaumoyo nawo amafika ku sukuluzi kudzayeza ana sikelo ndi kuona za katemera.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa alezi. Ambiri ndi amayi ongodzipereka, ena sanaphunzitsidwepo n'komwe, komabe ndi iwo amene amayamba kuzindikira mwana wonyentchera kapena wosamva bwino. Ntchito yolemera chotere siyenera kugwiridwa ulere. Vuto lina ndi la chakudya: miyezi ya njala, kuyambira Disembala mpaka Malichi, phala likasowa ana amaleka kubwera, ndipo sukulu zina zimatsekedwa kufikira nthawi yokolola.