BOMA LIKAKUTSEKERA POPANDA MLANDU, AYANKHA NDANI?

Uthengawu ndi wautali, mundipirire.

Sabata ino ndili ku Thyolo kwa amalume, amene amathyola tiyi pa esiteti ina. Dzulo madzulo tikuotha moto, paja kuno kumazizira, si kwathu ku Mangochi ayi, agogo ena oyandikana nawo anandifunsa kuti, "Mwana wa msodzi iwe, ukaona minda yobiriwirayi ukuganiza kuti kunali mtendere nthawi zonse?" Atayamba kufotokoza, tulo tinandithera.

Mu August 1953, pa esiteti ya Mangunda pafupi ndi Luchenza, anthu awiri anagwidwa akuganiziridwa kuti aba malalanje. Mphekesera inafala kuti aphedwa. Anthu anali atatopa kale ndi thangata, kusowa kwa malo olima, ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene anachikana koma chinabwerabe, ndiye anadzuka, kutseka misewu. Apolisi anaombera. Pamene zipolowe zimatha kuno ndi m'maboma ena a kummwera, anthu 11 anali atafa.

Zazikulu zinabwera pa 3 March 1959. Bwanamkubwa Robert Armitage ananena kuti a Nyasaland African Congress akonza chiwembu chopha azungu, ndipo mbandakucha asilikali anayamba kutola anthu m'nyumba zawo. Oposa 1,300 anatsekeredwa osaonekera kukhoti, ambiri ku Kanjedza ku Limbe. Kamuzu anamutengera ku Gweru. Ife ana a asodzi tikudziwa kuti khoka silisankha, limakoka chambo ndi tiana tomwe.

Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay, omangidwa anawaika m'sitima ya Mpasa. Abale awo anakhamukira padoko kufuna kuti awamasule, asilikali n'kuwaombera. Lipoti la boma linati anafa anthu 20, eni ake a Nkhata Bay amati anaposa 30. Tchuthi cha pa 3 March chija ndi chimenechi, aise.

Tsono mvetserani apa. Boma la Britain linatumiza jaji wake, Patrick Devlin, kudzafufuza. Mu July 1959 iye analemba kuti umboni wa chiwembu chopha anthu mwaunyinji panalibe, kuti asilikali ndi apolisi anamenya anthu ndi kutentha nyumba mosemphana ndi lamulo, ndipo kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Harold Macmillan linakana mfundo zimene zinkalipweteka. Mu 2013 Britain inalipira Akenya 5,228 amene anazunzidwa nthawi ya Mau Mau ndalama zokwana mapaundi 19.9 miliyoni. Mabanja a ku Nkhata Bay anapempha chipukuta misozi, koma akudikirabe.

Mwina mukuti izi ndi za atsamunda, zinapita. Ayi ndithu. Mu June 2003, nthawi ya a Bakili Muluzi, amuna asanu anagwidwa ku Blantyre usiku: awiri a ku Turkey, wa ku Saudi Arabia, wa ku Sudan ndi wa ku Kenya. Ankawaganizira kuti amathandiza zigawenga za al-Qaeda. Khoti Lalikulu linalamula kuti asatulutsidwe m'dziko, awazenge mlandu kapena awamasule. Koma anaperekedwa kwa Amereka, kuwakweza ndege mwachinsinsi kupita ku Harare. Patatha pafupifupi mwezi anawamasula ku Sudan, opanda mlandu uliwonse.

Zipolowe zimene zinabuka ku Mangochi ndimazikumbuka, ndinali mwana. Matchalitchi anaphwanyidwa, amayi anatiletsa kupita kumsika. Asilamu ndi Akhristu amene amakokera limodzi khoka anayamba kuyang'anana ndi diso lofiira, pa nkhani imene sanaiyambe ndi iwo.

Sindikunena kuti uchigawenga kulibe. Ku Cabo Delgado kwa anansi athu a ku Mozambique anthu akufa zenizeni kuyambira 2017. Koma amene akuganiziridwa apite kukhoti. Malamulo athu a 1994 amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo kuzunza munthu n'koletsedwa ngakhale pa nthawi ya zoopsa. M'bale wanu akatengedwa, lembani tsiku, nthawi ndi polisi imene wapita, kenako kadandauleni kwa Ombudsman kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Agogo aja pondilawira anangoti, "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Lamlungu ndikubwera, mundisungireko usipa. Tumizani kumagulu ena.