Nsima Yogula: Mbiri ya Kadyedwe ka Machona m'Mafamu a ku Mashonaland

Mawu oyamba

M'mizinda ya masiku ano, funso lakuti munthu amadya kangati ku lesitilanti limayankhidwa ndi thumba: wopeza bwino amapitako kawirikawiri, wosauka apo ndi apo. Koma funso lomweli limalemera tikapita nalo ku mafamu a fodya ndi chimanga a ku Mashonaland, kumpoto kwa Zimbabwe, kumene Achewa, Ayao, Angoni, Atonga, Asena ndi Anyungwe anakhetsa thukuta kwa zaka pafupifupi 100. Wofunsayo amakhala ataganiza kale kuti munthu ali ndi khomo lakelake, ndalama m'manja, nthawi yopuma ndiponso ufulu wotuluka pachipata. Kwa nthawi yaitali wantchito wa pafamu analibe zinthu zinayi zimenezi.

Chichewa chenichenicho chikutichenjeza kale. Tikati munthu wadyera kunja, womva amaganiza za mphasa yoyalidwa pabwalo kapena pansi pa mtengo wa mango. Kusiyana kumene makolo athu ankakuona sikunali kwa m'nyumba ndi kunja ayi, koma kwa njira imene chakudyacho chafikira m'kamwa. Pali nsima yopatsidwa ndi bwana, nsima yodyerana ndi abale, ndi nsima yogula. M'nkhani ino tilondola m'mene nsima zitatuzi zinasinthanirana malo m'moyo wa anthu amene kwathu tinawatcha machona.

Kamba wa panjira

Msonkho wa nyumba umene atsamunda anakhazikitsa ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1890, pamodzi ndi thangata la m'minda ya azungu ku Shire Highlands, unatulutsa amuna ambiri m'midzi. Pofika 1935, komiti ya Lacey inapeza kuti mwa amuna anayi alionse a m'dzikomo, mmodzi kapena kuposerapo anali kunja. Ambiri analowera ku Southern Rhodesia, kumene pakamwa pa Mchewa kunali "ku Halale". Ena ankadzera ku Tete, n'kuwoloka Zambezi kulunjika ku Mutoko. Ena ankadzera ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, n'kukawolokera ku Feira.

Ulendowu unali wapansi, wa milungu ingapo. Munthu ankanyamuka ndi kamba: ufa m'kathumba, chimanga chokazinga, mtedza, mbatata zootcha. Kamba akatha, ankapempha m'midzi ya panjira kapena kugwira ganyu kuti apatsidwe mbale ya nsima. Kwa ambiri, aka kanali koyamba kuona chakudya chophika chikusinthanitsidwa ndi ntchito kapena khobidi, pakuti kumudzi mlendo sankalipira nsima. Ankati chakudya sichichepa, chichepa n'chovala.

Maboma ndi olemba ntchito anazindikira msanga kuti mimba ya wapaulendo ndi chingwe chomukokera. Bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, lokhazikitsidwa mu 1903, linkagwira anthu amene njala yawafoola panjira, n'kuwalembetsa ntchito za malipiro otsika. Anthu analitcha chibalo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole onyamula ofuna ntchito mosalipiritsa, okhala ndi zigono ndi chakudya panjira. Dzina lake linali Ulere. Mu 1946 kunabwera bungwe lina lolemba anthu, limene linadziwika kuti Mthandizi. Onani maina awiriwa: onse ndi mawu a Chichewa okoma m'khutu, koma nsima yaulereyo inkathera pachipata cha famu.

Phoso

Pafamu, munthu ankalipidwa potsata tikiti. Kapitawo kapena kalaliki ankachonga tsiku lililonse limene munthu wamaliza mgwazo wake, ndipo tikiti inkadzaza pakakwana masiku 30 ogwira ntchito. Motero "mwezi" wa pafamu unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba. Mbali ina ya malipiro inali phoso: ufa wa mgaiwa, nyemba kapena mtedza, mchere, ndi kanyama kamodzi pa mlungu ngati bwana ndi wa mtima wabwino. Liwu lakuti phoso ndi pachibale ndi posho wa Chiswahili, ndipo pafamu linkayenda limodzi ndi resheni wochokera ku Chingerezi. Kapitawo anachokera ku Chipwitikizi, komboni ku Chingerezi, pamene Chishona chimati purazi ponena famu. Chilankhulo cholamulira ntchito chinali Chilapalapa, koma m'komboni ya mafamu ambiri moto unkasonkhedwa m'Chinyanja.

Lamulo la Masters and Servants Act la 1901 linkati kuthawa ntchito ndi mlandu wopita nawo kundende. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapereka nthaka yachonde ya ku Mazowe, Banket, Trelawney, Mvurwi ndi Marondera kwa azungu. Eni nthaka, Ashona, ankakonda kulima minda yawo m'madera amene anawakankhiramo kusiyana ndi kulembedwa pafamu, n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1950 antchito a m'mafamu oposa theka anali ochokera kunja kwa dzikolo. Mlendo wotere analibe munda wothawirako. Mphika wake unali m'manja mwa bwana. Blair Rutherford, m'buku lake la 2001 lonena za mafamu a ku Hurungwe, anafotokoza moyo umenewu monga ulamuliro wapakhomo: mwini famu ndiye anali boma, bwalo la milandu ndi nkhokwe nthawi imodzi.

Tisaganize kuti anthuwa ankangolandira mwakachetechete. Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la 1976, anaonetsa kuti a m'migodi ankapatsa malo antchito maina osonyeza khalidwe la bwana ndi kuchuluka kwa chakudya, ndipo mbiri zimenezi zinkayenda m'njira zonse za apaulendo. Kumafamu kunalinso chimodzimodzi: famu ya phoso lochepa inkasowa antchito nthawi yothyola fodya. Mbeta za kumudzi kumodzi zinkasonkha ufa, n'kumaphika mosinthana m'zitini, ndiwo zikuchokera m'tchire: mbewa, bowa, ngumbi, therere. Chimenechi chinali chidyerano cha kumudzi chovala zovala za m'komboni. Malume anga, amene anabwerako ku Halale ine ndili mnyamata wa ku pulayimale, sankakumbukira mafamu ndi maina a azungu ayi. Ankati "kwa nyama Loweruka" ndi "kwa nyemba zofumbwa".

Ophika osadya

Malo odyera enieni analipo ku Mashonaland, koma sanali a wantchito. Matauni a alimi monga Sinoia, imene lero ndi Chinhoyi, Karoi, Bindura ndi Marandellas anali ndi mahotela ndi makalabu kumene azungu ankakumana kumapeto kwa mlungu. Ku Salisbury, hotela ya Meikles inatsegulidwa mu 1915. Anthu a ku Nyasaland, makamaka Ayao ndi Atonga a ku Nkhata Bay, anatchuka monga makhukhi ndi operekera zakudya m'nyumba za azungu ndi m'mahotela. Ankadziwa kuwotcha nyama ya nkhosa ndi kuyala mafoloko m'dongosolo lake, koma patebulo limene anayalalo sankaloledwa kukhalapo. M'masitolo ambiri munthu wakuda ankagulira pazenera la pambali.

M'matauni munali nyumba zodyeramo anthu akuda, zogulitsa tiyi, buledi ndi sadza ya nyama. Wa pafamu ankazilawa pokhapokha ali paulendo, pobwera kapena pobwerera kwawo, mwina kamodzi m'zaka ziwiri kapena zitatu. Kwa Myao wachisilamu panali vuto linanso: nyama yosachinjidwa mwa chipembedzo chake sakanaidya, choncho ankadalira abale a chikhulupiriro chimodzi kuposa mphika wa mlendo.

Tsiku la malipiro

Ngati tifuna kholo la lesitilanti pafamu, tilifunefune m'komboni momwemo Loweruka la malipiro. Mabanja atayamba kukhazikika m'mafamu, amayi, amene ntchito yawo m'zigafa za fodya inali ya nyengo chabe, anapeza njira yopezera khobidi mumphika. Ankafulula mowa, kukazinga zitumbuwa ndi kukonza maphwando olipira otchedwa tiyipate. Dzinali linali chophimba: tiyi analipo ndithu, koma chokoka anthu chinali mpunga wa nkhuku, galamafoni ndi mowa waukali wa chikokiyana, umene nyimbo ya August Musarurwa inautchukitsa dziko lonse lapansi m'zaka za m'ma 1950. Mbeta yotopa ndi nyemba za m'chitini inkalipira kuti idye chophikidwa ndi dzanja la mayi.

Komabe nsima yogulayi sinali yogula kotheratu. Wophika lero ankakhala wogula mwezi wamawa, ndipo ndalama inkazungulira m'komboni monga zimakhalira pa chipereganyu. Pambali pake panali nsima yosagula konse: ya pamaliro, imene mabungwe othandizana pa imfa ankasonkhera, ya pa gule wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, ndi ya pa beni wa Ayao. Munthu wopanda mudzi ankapeza mudzi m'mbale zimenezi. Ashona nawonso ali ndi mwambi wakuti chibale n'choperewera, chimakwanira ndi kudya. Yankho la funso lathu m'nyengo imeneyi ndi lakuti: kamodzi pa tikiti, ndipo chifukwa chake sichinali njala yokha komanso kufuna kukhala munthu pakati pa anthu.

Ufulu ndi buku la ngongole

Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, boma linaika malipiro ochepetsetsa a wantchito wa pafamu pa madola 30 a dzikolo pamwezi. Alimi ambiri anayankha pothetsa phoso. Tsopano ufa unayenera kugulidwa, ndipo malo ogulira apafupi anali sitolo ya pafamu pomwepo, imene inkakongoza n'kudula pa malipiro. Chingwe chinachoka pa thumba la phoso n'kupita m'buku la ngongole. Bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ linalimbana ndi nkhani za malipiro, koma mitunda yaitali pakati pa mafamu inkalemetsa ntchito yake.

Ngakhale zinali choncho, zipata zinatseguka pang'ono. Mabasi anachuluka, ndipo malo a malonda monga Magunje, Murombedzi, Glendale ndi Raffingora anadzaza ndi mabutchala, mabala a Chibuku ndi timalo ta sadza. Kumapeto kwa mwezi bambo ankatha kupalasa njinga kukadya nyama yootcha, imene kwathu timati kanyenya ndipo kumeneko amati gochi-gochi. M'malo otere ndimo munakulira nyimbo za sungura. Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, ana a m'madera a mafamu a Mashonaland Central a makolo ochokera ku Malawi, analowetsa Chichewa m'nyimbo zimene dziko lonse linavina. Chicken Inn itatsegulidwa ku Harare mu 1987, nkhuku ya m'kabokosi inakhala chizindikiro cha moyo wa m'tauni, koma kwa mwana wa pafamu inali nkhani yongomva. Tizindikirenso kuti wopita kokadya anali bambo. Mayi ankapezeka kumeneko ngati wogulitsa.

Chaka cha 2000 ndi pambuyo pake

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mafamu akuluakulu ankalemba antchito oposa 300,000. Kulandidwa ndi kugawidwa kwa mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunabweza nthaka kwa mabanja ambiri a anthu akuda, koma antchito a m'mafamu amene analandirako malo anali ochepa kwambiri. Zidzukulu za machona zinalibe mfumu ya kumudzi yozilembera dzina. Ankazitcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale kuti zambiri sizinapondeko ku Malawi. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a 2013 anatsegulira unzika obadwira m'Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, n'kuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Sitolo ya pafamu itatsekedwa, anthu anabalalika. Ena anatsala m'komboni n'kumagwira ganyu, amene kumeneko amati maricho, kwa alimi atsopano, nthawi zina malipiro ake n'kukhala ndowa ya chimanga. Ena anapita kokumba golide ku Mazowe ndi Shamva. M'chaka cha 2008, ndalama itasanduka mapepala ndipo masitolo ali mbee, ngakhale nsima yogula inasowa. Dola ya Amereka itayamba kugwira ntchito mu 2009, mbale ya sadza ya dola imodzi inafala paliponse pamene pali anthu ogwira ntchito kutali ndi kwawo: pamigodi ing'onoing'ono, pamasiteshoni a basi, ndi kunja kwa misika ya fodya ya ku Harare, kumene alimi ankagona masiku angapo kudikira kugulitsa mabelo awo.

Apa ndi pamene funso lathu likutembenuka. Mnyamata wokumba golide, wogona m'chisakasa cha pulasitiki, amagula nsima tsiku ndi tsiku, kawirikawiri kuposa mphunzitsi wa ku yunivesite. Agogo ake ankagula kamodzi pa tikiti. Wowerenga manambala okha anganene kuti mdzukuluyu watukuka, pamene chenicheni n'chakuti alibe mafuwa oti atereke mphika.

Mawu omaliza

Kuchuluka kwa maulendo a ku malo odyera sikutiuza kanthu tikapanda kufunsa kuti munthuyo wasiya chiyani kunyumba. Wina amapita ku lesitilanti chifukwa watopa ndi zophika za kwawo; wina chifukwa kwawoko kulibe. M'mafamu a ku Mashonaland, phoso linamanga munthu kwa bwana, chidyerano chinamumanga kwa anzake, ndipo nsima yogula inabwera ndi nkhope ziwiri, ya ufulu ndi ya umphawi.

Kwa ife ophunzira zilankhulo, ntchito ilipo ndipo nthawi yatha. Mawu monga phoso, tikiti, Ulere ndi tiyipate akupita limodzi ndi nkhalamba zimene zinawagwiritsa ntchito. Chichewa cha ku Banket ndi Shamva, chosakanikirana ndi Chishona ndi Chilapalapa, si Chichewa chowonongeka ayi. Ndi nkhokwe ya mbiri imene mabuku a atsamunda sanalembe, chifukwa iwo ankalemba kulemera kwa ufa, osati dzina limene wolandirayo anaupatsa. Wophunzira amene angapite kukakhala pansi ndi agogo otsala m'makomboni aja ayambe ndi funso la chakudya, ndipo akamuitanira kumphika asambe m'manja.