Kodi ndi msonkho umene unathamangitsa anthu ku Detroit?

Amene ali ndi m'bale ku America mwina anaimvapo nkhani iyi pafoni. Akuti mizinda yakale ya dera limene eniake amalitcha Midwest inafa ndi misonkho, ndipo ochenjera analongedza katundu n'kulowera kumwera, ku Texas, kumene boma la chigawo silidula kanthu pa malipiro a munthu. Chitsanzo chimene sichisowa pakamwa pawo ndi Detroit, mzinda wa m'chigawo cha Michigan, umene pa 18 Julaye 2013 unakagwada kukhoti n'kuvomera kuti ngongole zaukulira msinkhu. Nkhaniyi imakoma kuimva chifukwa ndi yaifupi ndipo wolakwa ndi mmodzi. Koma mukandandalika zaka zake bwinobwino, imayamba kutsimphina.

Za makedzana tidutsapo msanga. Mfalansa wina, Antoine de la Mothe Cadillac, anamanga linga m'mbali mwa mtsinje mu Julaye 1701, pamalo ogulitsirana zikopa za nyama. Angelezi analanda malowo mu 1760, Aamerika anawatenga mu 1796, ndipo moto wa mu 1805 unapsereza pafupifupi nyumba zonse. Anamanganso. Pofika 1900 unali mzinda wa anthu 286,000, wodziwika ndi mbaula zachitsulo, mabogi a sitima ndi mankhwala.

Galimoto ndiyo inatembenuza zonse. Henry Ford anakhazikitsa kampani yake mu 1903, natulutsa galimoto ya Model T mu 1908. Mu 1913 fakitale yake ya ku Highland Park inayamba kuyendetsa magalimoto pa lamba, wantchito aliyense ataima pamalo amodzi n'kumamanga chitsulo chimodzimodzi mpaka dzuwa kulowa. Ntchitoyo inali yogwetsa ulesi moti anthu ankangoisiya, choncho mu Januwale 1914 Ford analengeza malipiro a madola 5 patsiku, kuwirikiza kawiri zimene ambiri ankalandira. Mbiri inawanda. Kunabwera anthu a ku Poland, a ku Italy, a ku Lebanon, ndiponso anthu akuda ochokera m'minda ya thonje ya kumwera, othawa umphawi ndi malamulo atsankho. Mu 1920 mzindawu unali pafupi kukwana anthu 1 miliyoni. Kalembera wa mu 1950 anapeza anthu 1.85 miliyoni, Detroit ali pa nambala 5 mwa mizinda yonse ya America. Chaka chomwecho bungwe la ogwira ntchito la UAW linasainirana ndi General Motors pangano lopereka penshoni ndi thandizo la kuchipatala. Munthu wosapita patali ndi sukulu ankatha kugula nyumba yanjerwa, kukhala ndi galimoto pakhomo, n'kudzapuma pantchito ali ndi podalira.

Apa ndi pofunika kuwerenga zaka modekha. Pakati pa 1950 ndi 1960 Detroit anataya anthu pafupifupi 180,000. Msonkho wa mzinda wodula pa malipiro unayamba mu 1962, pa 1 peresenti, ndipo wa chigawo cha Michigan unabwera mu 1967. Msonkho wa nyumba ndi malo unalipo kale, inde, monga unalili m'mizinda yonse. Koma uwu umene amaunena kuti unathamangitsa anthu unabadwa anthuwo ali kale panjira.

Nanga ankathawa chiyani? Poyamba inasamuka ndi ntchito. Mafakitale akale anali ansanjika, opanikizika pakati pa nyumba za anthu, pamene makina atsopano ankafuna nyumba yoyala pansi, pamalo aakulu. Malo otere anali kunja kwa mzinda. Makampani ang'onoang'ono a magalimoto anamezedwa kapena kutseka, ndipo fakitale yaikulu ya Packard inasanduka bwinja zaka za m'ma 1950 zisanathe. Kenako misewu ikuluikulu, imene lamulo la mu 1956 linaithirira ndalama zambiri, inang'amba mzinda pakati, ina n'kudutsa penipeni pa madera a anthu akuda monga Black Bottom ndi Paradise Valley. Misewuyo inachititsa kuti munthu azigona kutali n'kumafika kuntchito m'mphindi zochepa. Ngongole zogulira nyumba zinkapezeka mosavuta kwa mzungu wofuna nyumba yatsopano kunja kwa mzinda, koma wakuda ankapeza zitseko zotseka, kaya kwa obwereketsa ndalama, kaya kwa ogulitsa nyumba. Ena amati zonse zinayamba ndi zipolowe za mu Julaye 1967, zimene zinapha anthu 43 m'masiku 5. Zipolowezo zinafulumizitsa msamuko, zimenezo n'zosakanika, koma zinapeza ulendo uli mkati.

Ndipo ambiri mwa osamukawo sanapite ku Texas. Anangowoloka msewu. Kumpoto kwa Detroit kuli msewu wotchedwa Eight Mile, umene ndiwo malire a mzinda. Kutsidya kwake kuli matauni odziimira paokha, iliyonse ndi khonsolo yake, sukulu zake ndi thumba lake la msonkho. Dera lonse la Detroit pamodzi ndi matauni ozungulira linali ndi anthu pafupifupi 3 miliyoni mu 1950, ndipo mu 2020 linali ndi oposa 4 miliyoni. Derali silinafe. Chimene chinachitika n'chakuti chuma chinatuluka pa mpanda, mpandawo n'kutsala pomwe unali. Detroit anakulitsa malire ake komaliza mu 1926, ndipo kuyambira pamenepo wakhala pa masikweya kilomita pafupifupi 360.

Kuti muone kulemera kwa mfundo ya malireyi, pitani ku Columbus, likulu la chigawo cha Ohio, ulendo wa maola atatu kapena anayi pagalimoto kuchokera ku Detroit. Nyengo ndi imodzimodzi, chisanu chake n'chomwecho. Mu 1950 Columbus anali ndi anthu 376,000 pamalo a masikweya kilomita pafupifupi 100. M'zaka za m'ma 1950 atsogoleri ake anaika lamulo losavuta kumva: dera latsopano lofuna madzi a m'mipopi ndi mapaipi a zonyansa liyambe lalowa mumzinda. Anthu ankasamukira kunja ngati ku Detroit komwe, koma malire ankawatsatira, msonkho wawo n'kumagwerabe m'thumba lomwelo. Lero Columbus ndi wamkulu kuposa kasanu poyerekeza ndi 1950, ndipo mu 2020 anali ndi anthu 906,000, kuposa Detroit amene anatsala ndi 639,000. Tsono tamverani izi: msonkho wa mzinda pa malipiro ku Columbus ndi 2.5 peresenti, ndipo anaukweza ndi anthu eniake pa voti ya mu 2009. Wa ku Detroit ndi 2.4 peresenti kwa wokhala mumzinda, 1.2 kwa wongobwera kudzagwira ntchito. Kukanakhala kuti msonkho pawokha umapha mzinda, bwenzi Columbus ali manda. Kumeneko kulinso maofesi a boma, yunivesite yaikulu ya Ohio State ndi makampani a inshulansi, choncho mzindawo sunatsamire mwendo umodzi. Indianapolis naye anachita zofananako mu 1970, pamene anaphatikiza mzinda ndi dera lozungulira pansi pa ulamuliro umodzi.

Sitikunena kuti msonkho ulibe mlandu. Uli nawo, koma unalowa m'bwalo mochedwa. Anthu akachoka, misewu siifupika. Mapaipi, magetsi a mumsewu, apolisi ndi ozimitsa moto zimafunikabe pa dera lonse lomwe lija, ndipo penshoni za amene anatumikira mzinda wa anthu 1.8 miliyoni zimayenera kulipiridwa ndi otsala. Katundu wa anthu atatu anagwera pamutu pa mmodzi. Msonkho wa pa malipiro unakwera kufika 2 peresenti kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kenako 3 peresenti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mafuta atakwera mtengo ndipo magalimoto a ku Japan atalanda msika. Panabwera msonkho wa pa mabilu a magetsi ndi gasi, panabweranso wa nyumba za juga zitatsegulidwa mu 1999. Msonkho wa nyumba unafika pokhala umodzi mwa yokwera kwambiri m'mizinda ikuluikulu ya America. Apa tsono wothawa msonkho anayamba kupezeka, chifukwa ankalipira zambiri n'kumalandira zochepa.

Pofika zaka za m'ma 2000, dzenje linkakwiriridwa pokumba lina. Mu 2005 ndi 2006 panabwerekedwa madola pafupifupi 1.4 biliyoni oti atseke mpata wa m'thumba la penshoni. Posakhalitsa chuma cha dziko lonse chinagwa mu 2008, makampani awiri mwa atatu akuluakulu a magalimoto anapulumukira m'manja mwa boma mu 2009, ndipo mitengo ya nyumba inagwa chagada. Mitengo yolembedwa m'mabuku owerengetsera msonkho siinatsike pa liwiro lomwelo, choncho mabanja ambiri osauka ankalipitsidwa ngati nyumba zawo zikadali za mtengo wakale. Nyumba zikwizikwi zinalandidwa chifukwa cha ngongole ya msonkho. M'zaka 10 zokha, kuyambira 2000 mpaka 2010, munthu mmodzi mwa anayi alionse anachoka.

Zikalata zimene zinaperekedwa kukhoti mu Julaye 2013 zimawerengeka ngati lipoti la dokotala pa wodwala wakayakaya. Ngongole zinali madola pafupifupi 18 biliyoni, ndipo mpaka nthawi imeneyo panalibe mzinda wina wa ku America umene unagwapo ndi katundu wolemera chotero. Magetsi a mumsewu 4 mwa 10 alionse sankayaka. Nyumba zosiyidwa zinali pafupifupi 78,000. Woimbira apolisi pa ngozi ankadikira pafupifupi ola lathunthu. Okongoza ndalama anayamba kuloza chala nyumba yosungiramo zojambulajambula ya Detroit Institute of Arts, imene zambiri mwa zinthu zake zinali katundu wa mzinda, kuphatikizapo zojambula za Van Gogh ndi Bruegel. Mbali ina kunali nkhalamba zopuma pantchito, oyendetsa mabasi, okonza mapaipi, alembi a m'maofesi, zimene penshoni yawo inali kale yongokwanira chakudya ndi mankhwala. Funso linafika poipa: tigulitse zithunzi kapena tidule nkhalamba?

Yankho linapezeka pa mgwirizano umene mabungwe achifundo, boma la Michigan ndi abwenzi a nyumba ya zojambulayo analonjeza madola 816 miliyoni pa zaka 20, kuti ndalamazo zipite ku penshoni, zithunzizo zichoke m'manja mwa mzinda n'kukhala zosagulitsika. Ngakhale zinatero, opuma pantchito wamba anadulidwa 4.5 peresenti, anataya kukwera kwa penshoni kwa chaka ndi chaka, ndipo thandizo lawo la kuchipatala linaphwanyidwa kwambiri. Khoti linavomereza dongosololi pa 7 Novembala 2014, ngongole za madola pafupifupi 7 biliyoni zinafafanizidwa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mzinda unatuluka m'khoti. Amene analipira kwambiri si amene anawoloka Eight Mile kalekale. Ndi amene anatsala.

Nanga ku Texas kuja? Houston wakuladi modabwitsa: anthu 596,000 mu 1950, ndipo 2.3 miliyoni mu 2020. Koma naye anameza madera ozungulira mpaka malo ake kukula pafupifupi kanayi. Anali ndi mafuta, doko, malo otchipa omangapo nyumba, ndiponso makina oziziritsa m'nyumba, amene popanda iwo ndi ochepa akanapirira kutentha kwa kumeneko. Msonkho wa pa malipiro kulibe, zoona, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boma limapezera pa msonkho wa nyumba, umene ndi wokwera, ndi wa pogula zinthu, umene ku Houston ndi 8.25 peresenti pamene ku Michigan ndi 6. Wolandira ndalama zambiri amapinduladi akasamukira kumeneko. Wolandira zochepa, amene malipiro ake onse amathera m'sitolo ndi pa lendi, kusiyana kwake sakuona kwenikweni. Ndipo pali zina zimene sizilembedwa pa chikalata cha msonkho: chigumula cha namondwe Harvey mu Ogasiti 2017, ndi kuzima kwa magetsi m'chisanu cha mu Febuluwale 2021. Wa ku Detroit naye ali ndi zake, chipale chofewa cha miyezi ingapo, inshulansi ya galimoto yodula koopsa, ndi sukulu zimene makolo ambiri amazidandaula. Koma nyumba imene angaigule kumeneko ndi malipiro wamba, ku California kapena ku New York angangoiona m'maloto, ndipo madzi abwino a m'nyanja zikuluzikulu ali pakhomo.

Kuchokera mu 2014 zinthu zasinthako, ngakhale mosafanana. Pofika kumapeto kwa 2016 magetsi atsopano 65,000 anali atayaka m'misewu. Pakati pa mzinda padzaza maofesi ndi malo odyera, ndipo siteshoni yakale ya sitima ya Michigan Central, imene inatsekedwa mu 1988 n'kukhala chithunzi cha kugwa kwa Detroit, inatsegulidwanso mu Juni 2024 itakonzedwa ndi kampani ya Ford. Mukayenda mphindi 15 kuchoka pamenepo mupezabe misewu ya nyumba ziwiri kapena zitatu, kwinako kuli udzu. Malire akadali a mu 1926.

Mu Meyi 2024 a kalembera analengeza kuti m'chaka cha 2023 anthu a ku Detroit anawonjezeka ndi 1,852, koyamba kuchokera mu 1957. Msonkho wa pa malipiro unali usanatsike kuchokera mu 2013. Unali pa 2.4 peresenti pomwe paja.