Mmene Zaka Zovotera Zinatsikira Kufika pa 18

Anzathu amene munali Fomu 4 mu 1993 mukukumbukira kuti pa referendamu ya pa 14 Juni ambiri munangoonerera akuluakulu ali pamzere, poti lamulo linkafuna zaka 21. Mu Novembala chaka chomwecho, Nyumba ya Malamulo inatsitsa zakazo kufika pa 18, inathetsanso upulezidenti wamuyaya. Motero pa 17 Meyi 1994 achinyamata anavota nawo. Ufuluwu unakhazikitsidwa mu gawo 77 la malamulo oyendetsera dziko.

Britain inatsitsa zakazi mu 1969, ndipo America mu 1971, pamene anyamata a zaka 18 ankatumizidwa kunkhondo ku Vietnam koma ambiri osaloledwa kusankha owatumawo. Ana athu akamakalembetsa m'kaundula, tiziwauza mbiri imeneyi.