Uthenga ukachedwa: mbiri ya ngozi ndi sukulu zathu



Sabata yatha tinali ndi msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pasukulu yomwe ndimaphunzitsa kuno ku Area 23. Nkhani ya ndalama za chitukuko tinaikoka mpaka dzuwa kupendeka. Itafika nkhani ya zomwe tingachite mvula ikavuta ana ali m'kalasi, makolo ambiri anali atanyamuka kale, ndipo otsalawo anangoti aphunzitsi mudzaona chochita. Ine ndimaphunzitsa phunziro la mbiri yakale, ndiye pobwerera kunyumba ndinayamba kuwerenga m'mutu ngozi zomwe zakhudza sukulu zathu kuyambira ndili mwana. Ndinapeza kuti pafupifupi nthawi zonse vuto limakula pamalo amodzi: uthenga kuchedwa kufika kwa kholo. Ndati ndilembe mbiriyi kuti tikumbutsane.

Ndiyambire mu Malichi 1991. Ndinali ku pulayimale pamene tinamva pawailesi ya MBC kuti napolo wadutsa ku Phalombe ndipo wapha anthu mazanamazana. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi yokha m'dziko muno, ndipo chomwe yanena ndi chomwe dziko lonse lamva. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi kuthandiza okhudzidwa, lomwe nthambi ya DoDMA inagwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 30. Onani kuti lamulolo linabwera maliro atachitika kale. Mchitidwe umenewu tiuonanso kutsogoloku.

Kusukulu kwathu masiku amenewo, uthenga wopita kwa makolo unkayenda pakamwa pa mwana. Ahedi ankalengeza pa asembule, ife n'kukanena kunyumba, mwina titaiwala theka lake panjira. Nkhani ikakhala yaikulu ankalemba kalata yokawerengedwa kutchalitchi ndi kumzikiti, kapena ankatuma munthu kwa amfumu. Zinkayenda ndithu, chifukwa mphunzitsi ankadziwa kwawo kwa mwana aliyense.

Zinthu zinasintha mu 1994. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo anzanga ambiri amene lero ali pantchito analowa sukulu chifukwa cha ganizo limenelo. Koma zipinda sizinachuluke pamodzi ndi ana. Makalasi anasamukira pansi pa mitengo ndi m'zisakasa, ndipo makolo anayamba kuumba njerwa n'kumanga okha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirira a MCDE anasandutsidwa ma CDSS, ndipo ana a m'makomboni anapeza sekondale yoyendera. Kuno ku Lilongwe, komwe anthu akhala akukhamukira kuyambira pomwe likulu linachoka ku Zomba mu 1975, mphunzitsi anasiya kudziwa kwawo kwa mwana. Ambiri ndi a lendi, lero ali ku Chilinde, mawa asamukira ku Kaliyeka. Wina akukhala ndi azakhali, wina ndi agogo. Njira yakale ija yotumizira uthenga inaduka, ndipo palibe anakhala pansi kukonza ina.

Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira m'mawa, n'kuononga nyumba ku Mtandire ndi madera oyandikira. Asilikali a Malawi Defence Force anachita kubwera ndi helikoputa kudzapulumutsa anthu omwe madzi anawazinga. Mu Disembala chaka chomwecho inali nthawi yathu ya mbali ino: madzi analowa m'nyumba ku Kawale, Biwi, Mchesi, Chipasula, Area 22 ndi Area 24, ndipo anthu anafa. Ambirife tinkaganiza kuti kusefukira kwa madzi ndi nkhani ya ku Nsanje ndi Chikwawa. Chaka chimenecho tinaphunzira kuti timitsinje tomwe ana athu amalumpha popita kusukulu timadzaza m'kanthawi kochepa, makamaka poti m'mbali mwake tamangamo nyumba, takumbamo mchenga, ndipo m'ngalande tadzazamo zinyalala.

Ndikukumbukira tsiku lina la mvula nyengo yomweyo. Mitambo itada cha m'ma 11 koloko, tinagwirizana zoweruka msanga kuti ana akafike kwawo mvula isanayambe. Tinkaona ngati tachita zanzeru. Madzulo ndinamva kuti atsikana awiri a Fomu 2 anapeza kamtsinje kakwawo katadzaza, ndipo anawolotsedwa ndi bambo wina wa kabaza amene anawaletsa kulowa m'madzi okha. Makolo awo sankadziwa n'komwe kuti ana ali panjira. Tikanawasunga m'kalasi mpaka madzi aphwe, palibe chikanawaopsa. Mpaka lero ndikaganiza za tsikulo ndimachita manyazi, chifukwa ine ndinali mmodzi mwa amene anati aweruke.

Mu Juni 2018 dziko lonse linalira ndi sukulu ya pulayimale ya Natchengwa ku Zomba, pomwe khoma la chipinda chophunziriramo linagwa n'kupha ana anayi, ena ambiri n'kuvulala. Chipindacho chinali chongoyembekezera, chomangidwa pofuna kuti ana asaphunzirire panja. Ndaitchula nkhaniyi ngakhale ndi yakutali chifukwa ndi zotsatira za kuchepa kwa zipinda komwe kunayamba mu 1994 kuja. Ndi angati mwa ife amene tinalowapo m'kalasi ya mwana wathu n'kuyang'ana ming'alu ya khoma kapena malata omwe mphepo ikuwatukula?

Kenako kunabwera Covid-19. A Peter Mutharika, ali mtsogoleri wa dziko nthawi imeneyo, analamula kuti sukulu zonse zitsekedwe pa 23 Malichi 2020, matendawa asanapezeke n'komwe m'dziko muno. Apa uthenga wotseka unafika msanga, chifukwa mawailesi onse analengeza. Chomwe chinasowa ndi njira yolankhulirana ndi ana ali kunyumba. Makalasi olemba mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, ena onse mu Okutobala. Boma linayesa maphunziro a pawailesi ndi pa intaneti, koma kuno kwathu ndi mabanja angati anali ndi ndalama ya bandulo? Titatsegulira, mipando ina inali yopanda eni ake. Ena anali ndi pakati, ena anakwatiwa, ena anayamba geni mumsika osabwereranso. Kwa miyezi isanu ndi umodzi sitinawafunse n'komwe kuti ali bwanji, chifukwa tinalibe manambala a makolo awo.

Chitsanzo chomveka bwino kwambiri cha uthenga wochedwa ndi cha kolera. Mliri unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse. Sukulu zinayenera kutsegulidwa Lachiwiri pa 3 Januwale 2023. Lolemba pa 2 Januwale, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, inalengeza kuti m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre sukulu zisatsegulidwe kaye. Ganizolo linali lomveka, poti sukulu zambiri zinalibe madzi okwanira ndi zimbudzi zabwino. Koma ana ena ogonera kusukulu anali atakwera kale basi, makolo atalipira thiransipoti. Kalatayo inazungulira pa WhatsApp, ndipo amene anali ndi mafoni amakono anaiona usiku womwewo. M'mawa mwake ndinaima pageti n'kumabweza ana ovala yunifolomu, ambiri mwa iwo okhala ndi agogo kapena makolo a kafoni ka mabatani. Sukulu zinatsegulidwa pa 17 Januwale.

Patangopita miyezi iwiri namondwe wa Freddy anakantha chigawo chakummwera. Unduna wa zamaphunziro unaimitsa sukulu m'maboma khumi, ndipo zipinda zophunziriramo zambiri zinasanduka misasa ya anthu omwe nyumba zawo zinakokoloka. M'chaka chomwecho cha 2023 aphungu anavomereza lamulo latsopano loyendetsera nkhani za ngozi, lolowa m'malo mwa la 1991 lija. Kachiwirinso, lamulo linatsatira maliro.

Mbiri imeneyi ikundiuza kuti kuchokera ku Capital Hill kufika kwa ahedi uthenga umayenda ndithu, kudzera ku ofesi ya maphunziro ya boma kapena ya chigawo, ndi alangizi a m'mazoni. Pomwe umafera ndi pakati pa geti ya sukulu ndi khomo la kholo. Mtunda umenewo ndi waufupi, ndipo sufuna ndalama za mabungwe akunja. Ufuna ife.

Ndiye ndili ndi zopempha zinayi, zomwe ndikazinenanso pamsonkhano wotsatira. Choyamba, mphunzitsi wa kalasi aliyense akhale ndi kabuku ka manambala awiri a mwana aliyense, wa kholo ndi wa woyandikana naye nyumba, ndipo tizikonza kabukuko teremu iliyonse poti anthu amasamuka. Chachiwiri, tilembe ana onse amene amawoloka mtsinje pobwera kusukulu, ndipo tigwirizane kuti mvula ikakula anawo azikhala m'kalasi mpaka madzi aphwe kapena wamkulu adzawatenge. Chachitatu, uthenga ukaponyedwa pa gulu la WhatsApp, upitenso kwa ma block leader, kumipingo ndi kwa amayi a mother group, kuti agogo aja aumve. Chachinayi, mvula isanayambe komiti ya makolo iyendere makoma, madenga, zimbudzi ndi malo otunga madzi, ndipo zomwe yapeza ziwerengedwe pamsonkhano poyera.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo n'zoona. Koma mvula timaidziwa nyengo yake, kolera timadziwa komwe imadzera, ndipo khoma limayamba lang'aluka lisanagwe. Ine ndayamba ndi kalasi yanga: Lolemba mwana aliyense abweretse manambala awiri aja. Makolo, mwana akakuuzani zimenezi musamukalipire kuti aphunzitsi akufuna chiyaninso. Mulembereni, ndipo msonkhano ukubwerawu mukhale mpaka kumapeto.

Tionana pamsonkhano.